Walira mvula walira matope: tisathamangire graphics card ya madzi

Aliyense wokonda magemu a pa kompyuta anaionapo pa YouTube kapena pa TikTok: kompyuta ya bokosi la galasi, mapaipi awiri akuda akutuluka mu graphics card kupita ku rediyeta yaitali, timagetsi tamitundumitundu tikuthwanima, mwini wake akuloza nambala ya kutentha imene siikwera olo gemu ivute bwanji. Kuno ku Chimwemwe mavidiyo amenewa timaonera pamodzi m'mabarbershop, m'timashopu ta magemu ta kufupi ndi msika wa Nakadoli, ndi m'maboarding house a ophunzira a ku CBU. Ndiye funso layamba kubwera kawirikawiri, ngakhale pa pulogalamu ya achinyamata ku wailesi kumene timathandizako: ndalama zikakwana, ndigule khadi yoziziritsidwa ndi madzi kapena ya mafani wamba?

Yankho lathu ndi lakuti kwa pafupifupi tonse okhala kuno ku Kopala, khadi ya madzi si yogula. Ndi chipangizo chabwino, ndipo amene anachipanga sananame pa zimene chimachita. Koma anapangira munthu wokhala kumene malaiti sazima, amene sitolo yomwe wagulako ili pafupi, ndiponso amene mtengo wa khadi sumusowetsa tulo. Ife ndalama ya kompyuta timasonkhanitsa miyezi yambiri, ena m'chilimba, ena m'mapisiweki, ena potumiziridwa ndi achibale a ku Johannesburg. Ndipo kompyuta yomweyo ndiyo yokonzera mavidiyo a maukwati ndi ma kitchen party, yojambulira nyimbo, yolembera ma assignment. Ikafa, pamafanso njira yopezera ndalama.

Tiyambe ndi mmene zinthuzi zimagwirira nchito. Pakati pa graphics card pali kachipangizo kotchedwa GPU, kang'ono kuposa bokosi la machisi, kamene kamajambula chilichonse chimene mumaona pa sikirini. Magetsi onse amene khadi imadya amasanduka kutentha. Khadi ya mawati 300 imatulutsa kutentha kwa mawati 300, palibe kumene kumasowera. GPU ikatentha kupitirira madigiri 80 pang'ono, imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Choncho nchito ya choziziritsa chilichonse ndi imodzi: kuchotsa kutentha pa kachipangizo kameneka n'kukupereka ku mpweya.

Khadi ya mafani imachita zimenezi ndi mbale ya mkuwa yokhudza GPU, timapaipi ta mkuwa totseka mbali zonse, ndi tizitsulo topyapyala tambirimbiri timene mafani awiri kapena atatu amapemerera. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'timapaipi timeneti mulinso timadzi pang'ono. Timasanduka nthunzi kumene kwatentha, n'kubwerera ngati madzi kuchokera kumene kwazizira, popanda pampu iliyonse. Khadi ya madzi yokha ili ndi pampu imene imakankha madzi osakaniza ndi mankhwala kudutsa pa mbale ya mkuwa, kupita nawo ku rediyeta, monga mmene zimakhalira mu injini ya minibasi. Ilipo mitundu iwiri. Wina umabwera wotsekeratu kuchokera ku fakitale, ndipo amautcha AIO. Wina mumamanga nokha: mumamasula choziziritsa chimene khadi inabwera nacho, n'kuikapo water block ya makampani monga EK, Alphacool kapena Bykski, kenako thanki, pampu ndi mapaipi. Umenewu ndiwo custom loop.

Ubwino wa madzi sitingaukane. Lita imodzi ya madzi imanyamula kutentha kochuluka pafupifupi ka 3,500 kuposa lita imodzi ya mpweya. Rediyeta ya mamilimita 240 kapena 360 ili ndi malo aakulu otayirapo kutentha, ndipo mafani ake ndi aakulu, ozungulira modekha, kotero chongo chimachepa. GPU imatha kuzizira ndi madigiri 10 mpaka 20 kuposa ya mafani. Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 2014 AMD inatulutsa Radeon R9 295X2, ya ma GPU awiri pa khadi imodzi, yodya mawati 500, ndipo inaikapo madzi. Mu 2015 inachitanso chimodzimodzi pa R9 Fury X. Masiku ano madzi mumawapeza makamaka pa makhadi apamwamba kwambiri, monga MSI Suprim Liquid, Gigabyte Aorus Waterforce ndi ASUS ROG Astral LC.

Manje funso loyenera kufunsa ndi lakuti kuzizira kumeneku kumatipatsa chiyani pa gemu. Yankho n'lokhumudwitsa: zochepa kwambiri. GPU ya m'khadi ya madzi ndi yomweyo imene ili m'khadi ya mafani ya dzina lomwelo. Makhadi a mafani a masiku ano ali ndi zoziziritsa zikuluzikulu moti safika n'komwe pa malire odzichepetsera liwiro. Kusiyana kwake kumakhala mwina mafulemu awiri kapena atatu pa 100 alionse, ndipo diso la munthu silingaone zimenezo. Mumalipira kuti nambala ya pa kona ya sikirini ioneke yotsika, koma mpira wa mu EA Sports FC umathamanga chimodzimodzi.

Komanso madzi sathetsa kutentha, amangokusamutsa. Kumachoka pa GPU n'kulowa m'chipinda chimene mwakhalamo. Rediyeta singaziziritse madzi kuposa mpweya umene ikukoka, choncho chipinda chikatentha, madzinso amatentha. Tonse tikudziwa October wa ku Kitwe: kunja madigiri amapitirira 30, ndipo m'chipinda cha malata chopanda siling'i munthu amatuluka thukuta atangokhala. RTX 4090 imadya mawati 450. RTX 5090 imadya 575. Mukaonjezapo purosesa ndi sikirini, zili ngati mwayatsa hita m'chipinda nthawi ya masana mu October. GPU idzakhala bwino, koma inuyo ndi mng'ono wanu amene mumagona naye chipinda chimodzi mudzavutika.

Tibwere ku mtengo. Pamene Nvidia inatulutsa RTX 4090 mu October 2022, mtengo wake woyambira unali madola 1,599. Ya madzi ya MSI Suprim Liquid X inali madola 1,749, ndipo ASUS ROG Matrix inafika 3,199, kuwirikiza kawiri pa GPU yomweyo. RTX 5090 inatuluka mu January 2025 pa madola 1,999. Nthawi imeneyo dola imodzi inali pafupifupi K28, kutanthauza K56,000 khadi yokha ya mafani, isanakwere ndege, ZRA isanaikepo VAT ya 16 peresenti, wobweretsa asanaikepo phindu lake. Ya madzi ndi yodula kuposa pamenepo. Ndipo khadi yotere siigwira nchito yokha. Nvidia imati 4090 ifunika power supply ya mawati 850, ndipo 5090 ifunika ya 1,000. Pafunikanso bokosi lalikulu lokwana rediyeta, purosesa yamphamvu, ndi sikirini ya 4K kuti mphamvuyo ioneke. Werengerani nokha kuti ndi lendi ya miyezi ingati mu Chimwemwe, kapena matumba angati a unga.

Nkhani yaikulu kuposa zonse ndi malaiti. Magetsi opitirira 80 pa 100 alionse m'dziko muno amachokera ku madzi, ku Kariba, ku Kafue Gorge ndi ku Itezhi-Tezhi. Tinganene kuti kompyuta iliyonse m'Zambia imayendera kale madzi. Mvula itakana, pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Mu March ZESCO inayamba kuzima malaiti maola 8 patsiku, ndipo pofika September madera ambiri anali kuona malaiti maola atatu chabe. Chaka chimenecho chinatiphunzitsa kuti funso loyamba pogula chipangizo chilichonse ndi lakuti chimadya mawati angati.

Tiyeni tiwerengere. Kompyuta ya khadi yaikulu, pamodzi ndi sikirini, imadya mawati pafupifupi 600 pa gemu yolemera. Maola asanu patsiku ndi mayuniti atatu, pamwezi 90, pa mita ya prepaid imene mwina mumagawana ndi a landilodi. Kompyuta ya RTX 4060, khadi yodya mawati 115 chabe, yonse pamodzi imakhala cha m'ma 250. Maola asanu omwewo ndi mayuniti osakwana 40 pamwezi. Pa inverter kusiyana kumaoneka kwambiri. Batire la 12V 100Ah limasunga yuniti imodzi ndi pang'ono, ndipo ngati ndi la mtovu simuyenera kulitsitsa kupitirira theka. Kompyuta yaikulu ija idzalimaliza pa ola limodzi. Yaing'onoyo idzakupatsani maola opitirira awiri, nthawi yokwana kumaliza vidiyo ya kasitomala. Ndipo malaiti akamabwerera ndi mphamvu, kapena mphezi za mu December zikaomba, sizisankha kuti khadi iyi ndi ya madzi. Kusiyana kwake ndi kukula kwa ndalama imene yapsa.

Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a khadi ya madzi amaoneka patapita zaka. Pampu ndi chinthu chozungulira nthawi zonse, ndipo chozungulira chilichonse chimatha. Madzi a mu AIO, ngakhale ndi otsekeredwa, amachepa pang'onopang'ono podutsa m'timabowo tosaoneka ta mapaipi, ndipo ma AIO ambiri sanapangidwe kuti muonjezeremo ena. Pampu ikaima, GPU imatentha pa kanthawi kochepa, kompyuta n'kuzima. Choziziritsa chimenecho anachipangira khadi imeneyo yokha, choncho simudzachipeza ku Chisokone, olo m'masitolo a ku Mukuba Mall kapena ku Ndola. Makampani ambiri amapereka warranty ya zaka zitatu, koma warranty imatanthauza kubweza khadi kumene inachokera. Ngati inabwera m'chikwama cha munthu kuchokera ku Dubai, ku China kapena ku Johannesburg, adzalipira ulendowo ndani, ndipo mudzadikira miyezi ingati?

Fananizani ndi fani ikafa. Mnyamata aliyense wokonza mafoni ndi malaputopu m'tauni amamasula tizomangira tingapo n'kuikapo ina. Ikasowa yofanana nayo, mumachotsa chivindikiro cha khadi n'kumangirira mafani awiri a bokosi ndi ma cable tie, khadi n'kupitiriza nchito. Sizioneka bwino, koma zimagwira. Ndiye chifukwa chake makhadi a GTX 1060 a mu 2016 akali kuseweretsa magemu mpaka lero. Kuno sitisintha khadi zaka ziwiri zilizonse. Timaigwiritsa nchito, kenako timagulitsa kapena kusiyira mng'ono wathu. Choziziritsa chimene chimatha msanga kuposa GPU yake sichigwirizana ndi moyo wotere.

Custom loop ndiye imafuna chisamaliro ngati mwana wakhanda. Madzi ake amafunika kusintha kamodzi kapena kawiri pachaka. Madzi a pa mpope kapena a pa chitsime saloledwa, chifukwa mchere wa m'madzimo umatseka timipata ting'onoting'ono ta mu water block. Mukasakaniza zipangizo za mkuwa ndi za aluminiyamu mu loop imodzi, aluminiyamuyo amadyeka. Polumikiza pamodzi pakangomasuka, dontho limagwera pa motherboard. Ambiri a ife ndife a lendi, timasamuka pafupipafupi, katundu ali pa kantha m'misewu ya maenje. Kusamuka kulikonse kumafuna kukhetsa madzi, kudzazanso ndi kuyesanso ngati pakudontha.

Ena amaganiza kuti madzi ndiwo yankho la fumbi la mu August ndi September. Ayi. Rediyeta nayonso imapuma mpweya womwewo, ndipo timipata take timatsekeka ndi fumbi mofanana ndi tizitsulo ta khadi ya mafani. Mankhwala a fumbi ndi amodzi kwa onse: kuchotsa kompyuta pansi n'kuiika pa tebulo, kukhala ndi sefa kutsogolo kwa bokosi, ndi kupemerera fumbi ndi blower mwezi uliwonse m'nyengo yopanda mvula, mutagwira mafani kuti asazungulire.

Tionenso magemu amene timaseweradi. M'timashopu ta m'komboni mumamveka EA Sports FC, eFootball, Mortal Kombat, Tekken, GTA V ndi Call of Duty. Magemu omenyana monga Tekken 8 ndi Street Fighter 6 anawamanga kuti aziyenda pa mafulemu 60 pa sekondi, ndipo olo mugule khadi ya K60,000 sadzapitirira pamenepo. Valorant ndi Counter-Strike 2 amayenda bwino pa makhadi apakatikati. Kafukufuku amene Steam imachita mwezi uliwonse amaonetsa kuti osewera oposa theka padziko lonse akali pa sikirini ya 1080p, ndipo makhadi ofala kwambiri ndi a gulu la RTX 3060 ndi 4060. Anthu a m'mayiko olemera ambiri amasewera pa makhadi wamba. Amene timaona m'mavidiyo ndi ochepa, ndipo ambiri a iwo makhadiwo amapatsidwa ndi makampani kuti aonetse.

Pa intaneti chimene chimatigonjetsa ndi mtunda. Ma server amene ali pafupi nafe ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town, ndipo magemu ena amatitumiza ku Ulaya. Mukawombera mnzanu koma iye n'kuyamba kukuphani, vuto ndi ping, ndipo palibe rediyeta imene ingachepetse ping. MTN inayambitsa 5G mu November 2022, kuphatikizapo ku Kitwe ndi ku Ndola, ndipo Starlink inafika m'dziko muno mu October 2023. Ndalama yoika pa intaneti yodalirika idzakupambanitsani magemu ambiri kuposa ndalama yoika pa mapaipi.

Nanga tigule chiyani? Ife tikuti khadi ya mafani yapakatikati. RTX 4060 inatuluka pa madola 299, Radeon RX 7600 pa 269, ndipo Intel Arc B580, ya memory ya 12GB, inatuluka mu December 2024 pa madola 249. RTX 3060 ya 12GB ikali yabwino kwa okonza mavidiyo. Ndalama yotsalayo ipite ku power supply ya kampani yodziwika yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus, chifukwa yotchipa ikaphulika imapha ndi zinzake. Kenako surge protector yeniyeni ndi UPS, bokosi la kutsogolo kwa sefa lolowetsa mpweya bwino, ndi sikirini ya 144Hz, imene kusiyana kwake mudzakuona tsiku loyamba. Ngati khadi ikutenthabe, pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner imalola kutsitsa malire a magetsi kufika pa 80 peresenti. Liwiro limatsika pang'ono chabe, koma kutentha, chongo ndi mayuniti zimatsika moonekeratu.

Ambiri tidzagula ya salaula, ndipo palibe chamanyazi pamenepo. Kumbukirani chabe kuti pa 15 September 2022 Ethereum inasiya njira yokumba ndalama ndi makhadi, ndipo makhadi ambirimbiri amene anayaka usana ndi usiku kwa zaka analowa pamsika. Safunsa anadya phula. Musapereke ndalama musanaone khadi ikugwira nchito. Iyendetseni pa FurMark kapena pa gemu yolemera kwa mphindi 30, mukuyang'ana kutentha pa GPU-Z, mukumvetsera mafani. Khadi ya mafani yakale imaonetsa matenda ake poyera. Ya madzi yakale imabisa: simungaone kuti madzi atsala ochuluka bwanji, kapena kuti pampu yatsala ndi miyezi ingati. Mukamva kaphokoso ngati madzi akubwata m'mapaipi, bwezani ndalama m'thumba.

Tikudziwa kuti ena adzati: nanga ife a m'komboni tisalote zinthu zabwino? Chifukwa chiyani zapamwamba zikhale za a ku Parklands ndi ku Riverside okha? Funsoli ndi lomveka, ndipo sitikunyoza munthu wofuna chinthu chokongola. Alipo amene khadi ya madzi ingawathandize. Ngati muli ndi situdiyo imene kompyuta imakhala ikupanga zithunzi za Blender kapena mavidiyo a DaVinci Resolve maola ambiri, ndipo mumajambula mawu m'chipinda chomwecho, chongo chochepa chili ndi phindu. Ife a pa wailesi tikudziwa mmene maikolofoni imatolera kaphokoso kalikonse. Ngati mulinso ndi sola ndi mabatire a lithium, ndipo khadiyo ikudzilipira yokha ndi nchito za makasitomala, gulani.

Koma gulani mutatsegula maso. Yezani bokosi lanu kuti muone ngati rediyeta ikwana. Poimanga, mbali yapamwamba ya rediyeta ikhale pamwamba kuposa pampu, kuti mpweya wotsala m'kati usakakhale mu pampu. Chingwe cha mapini 16 chilowe mpaka kumapeto, chifukwa mu 2022 zingwe zina za RTX 4090 zinasungunuka polumikizira, makamaka zimene sizinalowe bwino. Warranty ikhale yolembedwa, yonena kuti khadi ikafa mudzaipereka kwa ndani muno m'Zambia. Ndipo isakhale ndalama ya kaloba kapena ya fizi. Khadi kawirikawiri imatsika mtengo ikamakalamba pamene kaloba akukwera mwezi uliwonse.

Pali chinthu china chimene ife a ku Kopala tiyenera kuchiganizira. Mbale imene imakhudza GPU, kaya m'khadi ya madzi kaya ya mafani, ndi ya mkuwa, chifukwa mkuwa umanyamula kutentha bwino kuposa aluminiyamu. Mu 2024 Zambia inakumba matani a mkuwa opitirira 800,000, ndipo mu Africa imaposedwa ndi DR Congo yokha. Mkuwa umachoka pansi pa Nkana, umadutsa pa misewu yathu pa mathiraki, ndipo ukabwerera ngati kambale kokwana m'dzanja timaugula ndi madola. ZAMEFA ku Luanshya imapanga mawaya a mkuwa, koma zipangizo za makompyuta zonse timaitanitsa kunja. Sitingasinthe zimenezi chaka chino. Chimene tingachite manje ndi kukulitsa luso la manja: kudziwa kusintha thermal paste, kukonza mafani, kuyeza power supply, kupeza chimene chapsa pa bolodi. Achinyamata ophunzira zamagetsi ku CBU ndi ku NORTEC ku Ndola, ndi amene anaphunzirira pa benchi ya m'tauni, ali ndi msika umene ukukula, chifukwa makompyuta a magemu akuchuluka ndipo onse adzafuna wowakonza.

Choncho musanatumize ndalama, funsani wogulitsa funso limodzi: ichi chikafa, ndani muno mu Kitwe angachikonze? Akatchula munthu ndi malo, pitirizani kukambirana mtengo. Akayamba kukuonetsani mavidiyo a timagetsi tothwanima, sungani ndalama yanu.